Mmene mungagawire ntchito ya database pa ma core onse ngati web server yanu imasunga ma connection

Muli ndi seva ya ma core 8, mwaikapo PostgreSQL, webusaiti yanu ya PHP ikuyenda bwinobwino, ndiye tsiku lina anthu achuluka, masamba ayamba kuchedwa kutseguka, mukatsegula top, pulogalamu yoonetsa zomwe zikudya purosesa, mukupeza core imodzi, kutanthauza chigawo chimodzi cha purosesa, ili pa 100% pamene ena onse angokhala phee. Pomwepo munthu amayamba kuganiza kuti mwina ma persistent connection, omwe web server imawasunga otsegula ku database mmalo mowatseka tsamba likatha, amatirira pa core imodzi, ndiye ndikawachulukitsa ntchito igawikana. Ayi ndithu. Inetu ndaona anthu akutaya masiku ndi maganizo amenewa ndipo zimandiwawa, chifukwa vuto lenileni limakhala lili pena. Connection simangidwa pa core ina iliyonse. Amene amasankha kuti process iyi ithamange pa core iti ndi kernel ya Linux, ndipo imawasuntha yokha ikaona core ina ili ndi mpata. Zomwe zili m'manja mwanu ndi ziwiri basi, kuchuluka kwa ma query omwe akugwira ntchito nthawi imodzi, ndi kulemera kwa query iliyonse.

Ndikamba kwambiri za PostgreSQL ndi PHP chifukwa ndi kumene nkhaniyi imavuta kwambiri, MySQL ndiziitchula pomwe ikusiyana.

Mvetsani kaye mmene zilili mkatimo. PostgreSQL imatsegula process yatsopano pa connection iliyonse. Pulogalamu ikalumikiza, process yaikulu ija yotchedwa postmaster imabereka mwana, ndipo mwanayo amatumikira connection imeneyo mpaka itatsekedwa. MySQL imachitanso chimodzimodzi koma ndi ma thread mkati mwa process imodzi, nchifukwa chake mu top mumangoona mysqld imodzi ikuonetsa 400% kapena kuposa. Ndipo query imodzi nthawi zambiri imathamanga pa core imodzi. PostgreSQL inayamba kugawa query imodzi pa ma core angapo mu version 9.6 ya chaka cha 2016, koma ndi ma query ena okha owerenga ma tebulo akuluakulu, tifikako. Ndiye ngati panopa pali query imodzi yokha yolemera, ma core 7 otsalawo alibe chochita, kaya muli ndi ma connection 10 kaya 300.

Choyamba, yang'anani, musasinthe kalikonse

Lembani lscpu muone kuti ma core enieni ndi angati. Samalani apa, nproc imawerenga ma thread, ndiye ngati purosesa yanu ili ndi ma thread awiri pa core iliyonse, 16 imene mukuionayo ndi ma core 8 chabe. Kenako ikani sysstat, phukusi lomwe muli mpstat, dikirani nthawi yomwe anthu amachuluka kwambiri pa webusaiti, mulembe izi:

mpstat -P ALL 1

Izikupatsani mzere wa core iliyonse sekondi iliyonse. Ikhaleni nayo mphindi zingapo mukuiyang'ana, musathamange. Mukaona core imodzi ili pafupi ndi 100 pa %usr enawo ali pa %idle, tsegulani top pawindo lina mupeze PID ya process yomwe ikudya core imeneyo, PID yomweyo, nambala ya process, muipezanso mu pg_stat_activity, mndandanda wa ma connection mkati mwa PostgreSQL, pamodzi ndi query yake, ndiye mwamugwira wopalamula. Mudzaonanso chinthu china chosangalatsa, 100 ija imadumpha, pano ili pa core 2 kenako pa core 5, umenewo ndi umboni woti palibe chomwe chamatirira. Mukaona kuti chomwe chakwera pa core imodzi ndi %soft, imeneyo si database, ndi ma interrupt a netiweki omwe akugwera pamalo amodzi, onani ngati irqbalance ikuyenda. Ngati ndi %iowait yakwera, ndiye kuti ma process akudikira disiki ndipo kuwonjezera ma core sikungathandize olo pang'ono. Ndipo ngati ma core onse atanganidwa, %sys yakwera, load average yapitirira kutali chiwerengero cha ma core, ndiye kuti vuto lanu ndi lotembenuka, ma query achuluka ndipo akuphangirana.

Kumbali ya database lembani izi kangapo nthawi yomweyo:

select state, count(*) from pg_stat_activity group by state;

Nambala yomwe ikukukhudzani ndi ya active. Ma idle aja sakudya purosesa, akungogwira malo ndi RAM. Anthu ambiri amadabwa apa, amapeza ma connection mazana koma a active ndi ochepa kwambiri. Ku MySQL ndi SHOW PROCESSLIST, omwe alembedwa Sleep ndiwo akugona.

Chachiwiri, werengani ma connection omwe web server yanu ingathe kutsegula

Apa ndi pomwe ma persistent connection a PHP amapusitsa anthu. Mukagwiritsa ntchito pg_pconnect, kapena PDO::ATTR_PERSISTENT, kapena kuika p: kutsogolo kwa host mu mysqli, connection ija siigawidwa kwa ma worker onse ayi, ma process a PHP omwe amatumikira masamba, imakhala ya worker mmodzi yekhayo amene anaitsegula. Worker winayo atsegula yake. Ndiye si pool yeniyeni, nkhokwe ya ma connection obwerekana, ndi aliyense ndi kake. Ndipo worker mmodzi yemweyo akalumikiza ndi user wina kapena ku database ina amatsegulanso ina, zonse amazisunga.

Tiyerekeze muli ndi ma web server atatu, iliyonse PHP-FPM yake ili ndi pm.max_children = 50. Amenewo ndi ma worker 150. Ngati pulogalamu yanu imalumikiza ndi ma user awiri, wina wowerenga wina wolemba, ndi ma connection 300 tsiku lomwe anthu achuluka. Koma max_connections ya PostgreSQL imabwera ili pa 100, ndipo atatu mwa amenewo ndi osungira superuser. Ya MySQL imabwera ili pa 151, ndipo wait_timeout yake ndi masekondi 28800, maola 8 athunthu connection ikugona osatsekedwa. Ngati muli pa Apache prefork ndi mod_php onani MaxRequestWorkers, yomwe kale inkatchedwa MaxClients, mukapanda kuiika imakhala 256, ndipo choipa kwambiri ndi chakuti worker yemwe pano akungotumiza chithunzi kapena fayilo ya CSS naye wagwirizira connection ya database yomwe sakuigwiritsa ntchito.

Uthenga wa "sorry, too many clients already" ukangotuluka, dzanja limathamangira kukweza max_connections kufika 1000. Chonde musatero. Ma core akadali 8 omwewo. Tsiku lomwe query imodzi idzachedwe pang'ono, ma worker onse adzafika pamodzi, ma query mazana adzakhala active nthawi imodzi, kernel izingosinthasintha ma process mmalo mogwira ntchito, akulimbirana ma lock, ndiponso work_mem, RAM yomwe query imaloledwa kugwiritsa ntchito posanja mizere, yomwe imabwera ili pa 4MB, si ya connection imodzi, ndi ya sort kapena hash iliyonse mkati mwa query, ndiye query imodzi ikhoza kutenga kangapo. RAM ikatha seva imayamba swap, kugwiritsa ntchito disiki mmalo mwa RAM, ndipo aliyense amachedwa, ngakhale amene amafuna kanthu kakang'ono.

Chachitatu, tsukani zomwe ma connection akale amasiya

Connection yomwe sitsekedwa imakumbukira. Script ikafa pakati pa transaction, kapena yaika SET inayake, kapena yatenga advisory lock osabweza, munthu wotsatira yemwe agwere pa worker yemweyo akhoza kulowa m'zinyalala zimenezo. mysqli imayesetsa kutsuka yokha isanapereke connection yakale, koma musangodalira kuti driver iliyonse itero. Chomwe chimandiopsa kwambiri ndi "idle in transaction". Process imeneyi siikudya purosesa, koma yagwira ma lock, ma query ena aima kumbuyo kwake, komanso vacuum, wosesa wa PostgreSQL, ikulephera kuchotsa mizere yakufa. Mu mpstat muona ma core akupuma koma webusaiti yauma. Ikani malire, ndipo muwaike pa user wa webusaiti yekha osati seva yonse:

alter role webapp set idle_in_transaction_session_timeout = '60s';
alter role webapp set statement_timeout = '30s';

Manambalawa muwasinthe molingana ndi ntchito yanu, koma tsamba lomwe munthu akulidikira pa browser lilibe chifukwa chokhala ndi query ya mphindi zisanu.

Chachinayi, ikani mlonda pakhomo

Ili ndiye gawo lomwe limasintha zinthu. PgBouncer imakhala pakati pa PHP ndi PostgreSQL, imalandira ma connection ambirimbiri kuchokera ku ma worker koma kumbuyo imangotsegula ochepa enieni, ndipo imawabwereketsa. Ma worker anu azilumikiza pa port 6432 mmalo mwa 5432, basi, pa zinthu zambiri pulogalamu sidziwa kusiyana kwake. Mu pgbouncer.ini zofunika kwambiri ndi izi:

pool_mode = transaction
max_client_conn = 500
default_pool_size = 20

Mode ya transaction ndiyo ikufunika apa. Mukaisiya pa session, momwe imabwerera, worker wa persistent agwira connection yakumbuyo mpaka kalekale ndipo simunapindule kanthu. Pa transaction worker amabwereka connection pomwe BEGIN yayamba, COMMIT ikangochitika yabwerera mu pool, wina watenga. Ndiye ma worker 150 aja akhoza kusunga ma connection awo 300 kwa PgBouncer mmene angafunire, kumeneko ndi otchipa, pamene PostgreSQL ikungoona 20 pa user aliyense.

Nanga 20 yachokera kuti? Poyambira pomwe anthu a PostgreSQL akhala akulangiza kwa zaka ndi ma core enieni kuchulukitsa kawiri, kuphatikizapo chiwerengero cha ma disiki omwe akugwira ntchito. Pa ma core 8 ndiye mukugwera cha m'ma 17 mpaka 20. Kawiriko ndi chifukwa chakuti query siidya purosesa nthawi yonse, pena ikudikira disiki pena netiweki, ndiye pamene iyi ikudikira ina igwiritse core. Ndi poyambira chabe, nambala yeniyeni muipeza poyesa. Ndikudziwa kuti zimaoneka zachilendo kuchepetsa ma connection pamene ukufuna liwiro, koma ma query 20 omwe akutha msanga wina ndi wina amatumikira anthu ambiri kuposa 300 omwe akupondana. Otsalawo adikire pa mzere kwa PgBouncer kwa ma millisecond ochepa, kudikira kumeneko sikudya purosesa.

Kumbukirani kuti default_pool_size ndi ya user mmodzi pa database imodzi. Ma user awiri ndiye 40, ndipo ngati mwaika PgBouncer pa web server iliyonse mwa zitatu zija muchulukitsenso katatu. Werengani zonse, zisapitirire max_connections, ndipo musiye malo a inuyo, a backup ndi a monitoring.

Mode ya transaction ili ndi mtengo wake, ndipo kuli bwino mudziwe lero kusiyana ndi kudzazindikira usiku zinthu zitavuta. Chilichonse chodalira kuti connection ikhale yomweyo pakati pa ma transaction awiri chimasweka, monga SET wamba, LISTEN, ma advisory lock a session, ndi ma temp table omwe mukufuna akhalebe pambuyo pa COMMIT. SET LOCAL mkati mwa transaction ilibe vuto. Ma prepared statement ankavutitsa kwa nthawi yaitali, PgBouncer inayamba kuwathandiza mu version 1.21 ya 2023 kudzera mu max_prepared_statements, ndiye ngati muli pa yakale mukweze, kapena muyatse PDO::ATTR_EMULATE_PREPARES. Fufuzani mu code yanu mawu amenewa musanasinthe port.

Mukayatsa, lowani mu console yake ndi psql -p 6432 pgbouncer mulembe SHOW POOLS. Yang'anani cl_waiting, omwe akudikira pa mzere, ndi maxwait, nthawi yomwe woyamba pa mzerewo wadikira. Ngati cl_waiting ikukwera ndipo mpstat ikuonetsa ma core ali ndi mpata, disiki nayo siikulira, kwezani pool pang'ono, mwina ndi 4. Ngati ikukwera koma ma core onse adzaza kale, kukweza pool kungoipitsa zinthu, pitani ku gawo lotsatira.

Chinanso, PgBouncer yeniyeniyo imathamanga pa core imodzi. Pa webusaiti zambiri izi sizivuta chifukwa ndi yopepuka zedi, koma mukadzaona mu top kuti yomwe ili pa 100% ndi pgbouncer, kuyambira version 1.12 pali so_reuseport yomwe imalola ma process angapo kumvera pa port imodzi ndipo kernel imawagawira ma connection. Process iliyonse imakhala ndi pool yakeyake, ndiye mukayatsa anayi mugawe 20 ija kanayi. A MySQL ntchito yomweyi imagwiridwa ndi ProxySQL, ndipo MariaDB ndi Percona Server zili ndi thread pool mkati momwe yomwe mumayatsa ndi thread_handling=pool-of-threads.

Chachisanu, bwererani kwa query yomwe inadya core ija

Pool imaletsa kuphangirana koma siichiritsa query yoipa. Yatsani pg_stat_statements, yomwe imalemba nthawi yomwe query iliyonse yadya, imafuna kuikidwa mu shared_preload_libraries ndi restart imodzi, isiyeni tsiku lathunthu kenako musanje ndi total_exec_time, pa ma version akale kuposa 13 dzina lake ndi total_time. Musangoyang'ana query yochedwa kwambiri, kawirikawiri wakuba purosesa ndi ka query kakang'ono komwe kamaitanidwa pa tsamba lililonse kangapo. Tengani zapamwambazo muziyese ndi EXPLAIN ANALYZE, podziwa kuti imathamangitsadi query, ndiye UPDATE kapena DELETE muzikute ndi BEGIN ndi ROLLBACK. Mukaona Seq Scan pa tebulo yaikulu pamene mukufuna mizere iwiri, index ikusowa, ipangeni ndi CREATE INDEX CONCURRENTLY kuti olemba asaime.

Pali vuto lina lomwe limafanana ndi la core imodzi koma si limenelo. Tsamba lililonse likatsegulidwa pulogalamu ikuwonjezera 1 pa mzere womwewomwewo, mwachitsanzo kuwerenga alendo. Mzere umodzi umasinthidwa ndi transaction imodzi pa nthawi, ena onse adikire. Mu pg_stat_activity muona active ambiri koma wait_event_type yawo ndi Lock, ma core ali phee. Apa olo mutagula ma core 64 palibe chisinthe. Gawani counter ija m'mizere ingapo muziphatikiza powerenga, kapena muzisonkhanitsa kwina nkulemba kamodzi pakapita masekondi angapo.

Tsopano za parallel query zija. max_parallel_workers_per_gather imakhala pa 2 kuyambira version 10, kutanthauza kuti query imodzi yaikulu ikhoza kutenga ma process atatu, yake ndi othandiza awiri, aliyense ndi work_mem yake. Kwa report ya usiku izi ndi zabwino kwambiri. Kwa webusaiti yomwe ma core ake adzaza kale ndi ma query ang'onoang'ono, ndi kulanda anzako malo. Ine ndimakonda kusiyanitsa ndi ma user, wa webusaiti ndimamuika pa 0 ngati seva ili yotanganidwa, wa ma report pa 4, ndi alter role yomwe ija, ndipo wa ma report amakhala ndi pool yake yaing'ono kuti asameze ya anthu. Ngati muli ndi ntchito yaikulu yolemba, monga kusintha mizere mamiliyoni, UPDATE imodzi ikhala pa core imodzi basi, ndiye muigawe nokha ndi ma id, zigawo zinayi pa ma connection anayi, ndi ma COMMIT apafupipafupi.

Za taskset ndingoti zisiyeni. Kumangirira ma process a database pa ma core ndi dzanja kumalanda kernel ufulu womwe ikuugwiritsa ntchito bwino kale.

Chachisanu ndi chimodzi, yesani ndi manambala

Pa seva yoyesera, osati ya anthu, gwiritsani ntchito pgbench, chida choyezera liwiro chomwe chimabwera ndi PostgreSQL yomwe. Konzani ndi pgbench -i -s 50 kenako:

pgbench -c 16 -j 8 -T 60

Bwerezani ndi ma connection ochulukirapo, -c 32, 64, 200 (200 ifuna mukweze kaye max_connections pa seva yoyeserayi), mpstat ili yotsegula pambali, mukulemba tps, ma transaction pa sekondi, ndi latency, nthawi yodikira yankho. Muona tps ikukwera, yafika pena yaima, kenako latency yokha ndi yomwe ikukwera. Pomwe yaimapo ndi pafupi ndi kukula kwa pool yanu. Yesaninso ndi -C, yomwe imatsegula connection yatsopano pa transaction iliyonse, kamodzi pa 5432 kamodzi pa 6432, ndipo muona ndi maso anu mtengo wa kutsegula connection komanso kuti PgBouncer ikukupulumutsani zingati. Ndi -f mukhoza kuipatsa ma query anu enieni, zomwe zili bwino kuposa ake. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, mukasintha zitatu simudziwa chomwe chathandiza.

Seva imodzi ikadzadza

Ma query mwakonza, pool ili bwino, koma ma core onse ali pamwamba tsiku lonse, ndiye yakwana nthawi ya replica, seva ina yomwe imakopera zonse za seva yaikulu yotchedwa primary. Streaming replication ilipo kuyambira PostgreSQL 9.0 ya 2010, zolemba zonse zimapita ku primary, zowerenga mukhoza kuzigawa. Koma apa ndi pomwe ma persistent connection amamatiriradi, osati pa core koma pa seva. HAProxy, pulogalamu yogawa ma connection ku ma seva angapo, imasankha seva pomwe connection ikutsegulidwa basi, kenako yatha. Replica imodzi ikazima mphindi ziwiri ma connection onse amathamangira kwa inzake, ikadzuka palibe amene amabwerera chifukwa palibe akutsegula connection yatsopano, ndiye mupeza seva ina ikutuluka thukuta inzake ikungokhala. Mankhwala ake ndi kupatsa ma connection moyo wokhala ndi malire. Mu HAProxy ikani balance leastconn kuti atsopano azipita komwe kuli ochepa, mu PHP-FPM ikani pm.max_requests, mwachitsanzo 500, kuti worker azifa nkubadwanso ndi connection yatsopano, ndipo ngati PgBouncer ili kutsogolo kwa HAProxy tsitsani server_lifetime kuchoka pa masekondi 3600 omwe imabwera nawo kufika mwina 600.

Ndipo replica imatsalira m'mbuyo pang'ono. Munthu akasintha dzina lake nkutsegulanso tsamba pompo, kuwerenga kumeneko kupite ku primary, apo ayi aona dzina lakale ndipo adinanso batani kachiwiri. Pa primary, pg_stat_replication ili ndi replay_lag, yoonetsa mmene replica yatsalira, muiike pa monitoring yanu pamodzi ndi cl_waiting ndi chiwerengero cha active, kuti replica ikatsalira kupitirira malire omwe mwaika ichotsedwe kaye pa mndandanda wa HAProxy mpaka itawapeza anzake.